ANabanda Atsika pa Kabaza

Dalaivala aliyense wa thiraki amene anadikirapo mapepala paboda ya Mchinji amawadziwa aNabanda. Dzina lawo la ubatizo ndi Consolata, koma madalaivala amangoti "amayi a chipisi." Chiwaya chawo chili pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi pamene mathiraki amandanda, ndipo akhala akukazinga pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Anabadwira kwa Zulu, m'banja la alimi a mtedza. Ali mtsikana anali woonda ngati bango, katswiri wa mpira wa ntchembere mbaye. Aleck Phiri, mnyamata wa kabaza, anawaonera pa bwalo la mpiralo, ndipo sanapume mpaka ankhoswe atakhala pansi. Thupi linayamba kubwera atabereka mwana wawo mmodzi yekhayo, Shalom. Kenaka linabwera ndi chiwaya. Chipisi chikapsa ankalawa, china chikapsa n'kulawanso, chotsala madzulo sichinkatayidwa. Madalaivala okoma mtima ankawagulira botolo la zoziziritsa kukhosi, tsiku lina atatu kapena anayi.

Palibe amene ankaona cholakwika. Kutchalitchi amayi anzawo ankawagwira mkono n'kumati, "Koma aPhiri akukusamalani, thupi likuchita kukhala!" A Phiriwo, munthu wouma ngati nkhuni chifukwa chopalasa, ankangomwetulira. M'mawa uliwonse ankawakweza akazi awo pa kabaza, mtunda wa makilomita atatu kuchoka kunyumba kukafika paboda. Masipoko a gudumu la kumbuyo ankathyoka pafupipafupi. Iwo ankangosintha.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, aNabanda ankatembenuza chipisi pamene anamva chizungulire. Maso anachita mdima. Esitele, mnzawo wogulitsa nthochi pafupi pomwepo, anawakoka ndi chitenje asanagwere m'chiwaya. Mafuta otentha anawathovokera pa mkono, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero.

Kuchipatala, namwino atamanga balalo, anawayeza magazi n'kuwakweza pa sikelo. Muvi unakaima pa makilo 104.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri, shuganso ali pakhomo," anatero namwinoyo. "Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sangathe. Thupili lichepeko. Sindikunena kuti musiye kudya ayi. Muzichepetsa pang'onopang'ono, muziyendako."

ANabanda anamva zawozawo. Atafika kunyumba analumbira kuti chakudya asiyiratu. Masiku awiri anakhalira tiyi wopanda shuga, akukazinga chipisi cha anthu ena m'mimba mukulira. Tsiku lachitatu anakalipira Esitele popanda chifukwa, kenaka anadzaza mbale mpaka pamwamba, nadya chonse. Madzulo a Phiri anawapeza atakhala pakhonde akulira.

"Ine sindingathe, abambo a Shalom. Ndife basi ndi thupi langali."

A Phiri anatsamiritsa njinga pakhoma, nakhala pambali pawo. "ANabanda, ine ndapalasa zaka zambiri. Amene amayamba chitunda ndi liwiro amatsikira pakati. Mawa ndikakutsitsani pa chigayo paja, potsalapo tikayenda tonse."

Kuchoka pa chigayo kukafika paboda si patali, munthu wamphamvu amayenda mphindi zisanu. ANabanda anaima kawiri kuti apume, thukuta lili kamukamu, mawondo akuwawa. A Phiri ankakankha njinga pambali pawo, akusimba nkhani za makasitomala awo kuti akazi awo asamve kutalika kwa njira. Anthu ofuna kabaza akawaitana, ankangokweza dzanja n'kuti, "Ndili ndi bwana kale!"

Patatha masabata atatu anayamba kutsikira pa tchalitchi. Kenaka pa mjigo. Mvula yoyamba isanathe, aNabanda ankatseka chitseko cha nyumba n'kuyamba ulendo wapansi pomwepo, njinga itanyamula thumba la mbatatesi ndi chigubu cha mafuta.

Kukhitchini nako zinthu zinasintha, koma chimodzichimodzi. Mitanda ya nsima inachoka pa inayi kufika pa itatu, kenaka iwiri, ya mgaiwa. Nkhwani ndi bonongwe anayamba kuzitendera m'malo mozisambitsa m'mafuta. Shuga wa mu tiyi ndi amene anavuta kwambiri. Masipuni anayi anatsika kufika pa imodzi patatha miyezi inayi, ndipo m'mawa uliwonse aNabanda ankachita tsinya ngati akumwa mankhwala a malungo. Pa chiwaya anadziikira lamulo: kulawa kachidutswa kamodzi kuti amve ngati chapsa, basi. Esitele ndiye anali mlonda wa lamuloli. Dzanja likabwereranso m'chiwaya, iye ankangotsokomola. Madalaivala akafuna kuwagulira zakumwa, aNabanda ankati, "Zikomo achimwene, ndigulireni madzi."

Pasanathe chaka anali atataya makilo khumi ndi awiri. Zilundu zawo zinayamba kukhwepa, usiku ankagona osabanika. Koma apa m'pamene mavuto ena anayambira. Kumjigo nkhani zinkaduka iwo akafika. Mayi wina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa motsitsa mawu ngati anakayezetsa magazi. Makasitomala ena akale anasamukira pa chiwaya china.

Mphekeserazo zinakafika mpaka kwa Kapondo, kwa mayi awo a a Phiri. Loweruka lina gogoyo anatulukira atanyamula tambala ndi kamtolo ka mizu. Asanalandire ndi moni womwe, anayamba ndi mwana wawo.

"Iwe Aleck, mwana wa eni wamutani? Ndinamusiya ali munthu wooneka, lero makosi ali pamtunda. Ukumumana chakudya? Kapena wamubweretsera matenda?"

"Amayi, khalani kaye pansi," anatero a Phiri.

ANabanda anagwada, napereka moni, kenaka anakatenga kabuku kawo ka kuchipatala. "Amayi, sindikudwala zimene anthu akunenazo. Anamwino anati thupi lija likanandipha. Onani apa, mwezi ndi mwezi amalemba. Magazi ayamba kuyenda bwino."

Gogoyo anatembenuza kabukuko uku ndi uku, poti kuwerenga sadziwa. "Ine ndakalamba, koma sindinamvepo kuti munthu akudwala kunenepa," anatero. Tambala uja anaphedwa, ndipo gogo anakhala akuyang'anitsitsa mbale ya mpongozi wawo mpaka ataona kuti ntchafu yonse yatha.

Mawu a anthu amalasa. ANabanda anayamba kudzifunsa ngati kunali koyenera kuvutika chonchi n'kumanenedwanso. Khirisimasi itafika anadya osawerenga. Januwale anabwera ndi matope, iwo n'kuti, "Lero lokha ndikwezeni." Lero lokhalo linakhala mwezi wathunthu. Atapita kusikelo anapeza kuti makilo anayi abwerera. Anabisa kabuku kaja pansi pa zovala m'sutikesi, osauza munthu.

A Phiri sanawadzudzule. M'mawa wina anatulutsa njinga, naigwira tayala la kumbuyo, n'kupukusa mutu. "Laphwa. Pampu ndinabwereketsa. Tiyeni tiziyenda, tikapopetsa kutsogoloko."

Mawa lake tayala linaphwanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lachinayi aNabanda anadzuka msanga, nasuzumira pawindo, n'kuona bambo wamkulu atanjuta kuseri kwa nkhokwe akuphwetsa tayala lake lomwe ndi kamtengo ka machesi. Anaseka mpaka misozi.

"Abambo a Shalom, siyani, muononga chubu! Ndamva. Ndiyenda."

A Phiri anaimirira akudzikanda m'mutu. "Ndimati mwina simuona."

Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso, kupatula akadwala kapena mvula ikachita kukhuthuka. Anaphunziranso kuti akadya kwambiri paukwati kapena pamaliro, si ndiye kuti zonse zathera pomwepo. M'mawa mwake amangoyambira pamene anasiyira. Shalom, amene akuphunzira uphunzitsi ku Lilongwe, anawagulira nsapato za kanivasi, ndipo Lamlungu lililonse amaimba foni kufunsa ngati zidendene zayamba kutha.

Nthawi yokolola mtedza banja lonse linapita kwa Kapondo kukathandiza gogo. ANabanda anazula mtedza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, nasenza thumba kuchoka kumunda kukafika pakhomo osatula. Gogo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anangoti, "Mwana wanga, mawa ubwerenso."

Lero sikelo imaima pa makilo 85. Sali woonda ayi, ndipo mankhwala amamwabe, ngakhale anawachepetsera. Makasitomala amene anathawa anabwerera okha ataona kuti munthu amene ankamuika m'manda akunyamula yekha thumba la mbatatesi. Pambali pa chiwaya tsopano pali mphika wa mbatata yophika ndi beseni la mtedza wokazinga.

Mwezi watha kunafika Timoteyo, dalaivala wa ku Chipata amene wadya chipisi chawo zaka zambiri. Anatsika m'thiraki movutikira, mimba ili patsogolo, akupumira m'mwamba. Anakhala pa benchi, nawayang'ana.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Munamwa mankhwala anji? Ine adokotala andiopseza, akuti ndikapitiriza chonchi chiwongolero ndichisiya."

"Mankhwala ake ndi miyendo yanuyo, achimwene. Mapepala anu atuluka nthawi yanji?"

"Mwina madzulo."

"Ndiye mukhala pabenchipa mpaka madzulo? Zungulirani thiraki yanuyo kasanu, mubwere ndikupatseni mbatata. Mawa kasanu ndi kamodzi."

"Kasanu? Thiraki yonse ija, ndi ngolo yomwe?"

"Ndi ngolo yomwe."

Timoteyo anadzuka akung'ung'udza, anzake akumuseka m'magalimoto mwawo. Atazungulira katatu anafuna kukhota kuti abwerere pabenchi. ANabanda sanatukule n'komwe maso pa chiwaya.

"Katatu ako, a Timoteyo! Esitele akuwerenga!"