Mphalabungu za adona ku Eriya 11

A Lexon aja ogulitsa makala pamsika wa Tsoka adali gadeniboyi ku Eriya 11, likulu litangochoka ku Zomba. Adona awo ankaphunzitsa ana pakhomo. M'mawa adonawo ndi anawo ankazungulira mtengo wakuseri kuonerera mphalabungu, ati zisanduka agulugufe.

A Lexon adangoona ndiwo zikuwonongeka. Adazikolola zonse, akazi awo a Naphiri n'kukazinga.

Ana atalira, adona adati, "Lexon, zibwerere mumtengomo, apo ayi ntchito yatha."

Bambo aja adakwera mitengo mpaka kumtsinje wa Lingadzi, mawondo kusupuka, osapeza ndi imodzi yomwe. Adagula zouma kumsika n'kuzindanda panthambi.

"Zangogona, adona," adatero a Lexon.

Kamwana kena kadalawako. "Amayi, zili ndi mchere."

A Lexon adatuluka pageti tsiku lomwelo, mphasa kumutu, a Naphiri akulalata pambuyo.