Njanji Yanga Inafika ku Beira

Mnzanga amene ndinkakumba naye malasha ku Moatize atabwerera kwawo ku Tsangano, masewera athu a njanji tinawapitiriza m'makalata, poti foni kumudziko siinkagwira. Aliyense anali ndi mapa ake ojambula pa katoni. M'kalata tinkalembamo chinthu chimodzi basi, pamene munthu wafikitsa njanji yake. Za kunyumba tinkati n'zochedwetsa masewera. Makalatawo ankatinyamulira mayi wina wogulitsa mbatatesi, amene ankatsikira kuno ku Matema Lachisanu lililonse.

Wopambana anali woyamba kufika ku Beira. Mnzangayo ankakonda kuzungulira, kutola timasiteshoni ting'onoting'ono. Ine ndinathamangira mlatho wa pa Zambezi n'kumutsekera njira, ndipo ndinanyada nazo kwabasi.

Tinalinso ndi lamulo lakuti wokhala mwezi wathunthu osayankha wagonja. Mwezi unatha ali zii. Mayi uja ankangoti kalata palibe, ine osafunsa n'komwe kuti mwini wake ali bwanji. Ndinajambula njanji yanga mpaka kunyanja, n'kumulembera kalata ndi zilembo zikuluzikulu kuti, "Achimwene, mwathawa. Ndapambana."

Lachisanu lotsatira mayiyo anandipatsa katoni ya mapa a mnzangayo, yopindapinda. Anati kalata yanga inafika anthu akuchokera kumanda, ndipo mkazi wa mnzangayo, amene sadziwa kuwerenga, anapempha kuti wina aiwerenge mokweza, poyesa kuti ndi yachipepeso.

Katoniyo ndimaisunga pamwamba pa kabati. Njanji yake inaima kutatsala masiteshoni awiri kuti ifike pamlatho umene ndinatseka ine.