Dzanja la a Kankhani

Amuna anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi m'chipinda cha mafizo, kuseri kwa chipatala, moyang'anizana ndi kochapira zovala. Dzina lawo lenileni linangotsala pachiphaso. Aliyense, kuyambira madokotala mpaka alonda a pageti, ankawatchula kuti a Kankhani, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka pazenera la chipindacho kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngakhale ine mkazi wawo, ndikapsa mtima ndimawaitana dzina lomweli.

Ntchito yawo inali kuyeza mphamvu za minofu ya anthu ovulala, makamaka osewera mpira ndi othamanga, n'kuwathandiza mpaka abwerere m'bwalo. M'chipindamo munali bedi lalitali lachikopa long'ambika pakona, njinga yopalasa koma yosapita kulikonse, timatumba ta mchenga, ndi zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda. Koma choyezera chenicheni chinali dzanja lawo lamanja. Wovulala ankakhala m'mphepete mwa bedi miyendo ili lende, iwo n'kugwira pamwamba pa kakolo. "Kankhani! Kankhani! Musalole ndikupindeni!" Akatero ankalemba nambala pakhadi. Ziro ndiye kuti mnofu wagona, sukugwedezeka n'komwe. Firii ndiye kuti mwendo ukudzinyamula wokha, koma ukaukanikiza umagonja. Faifi ndiye kuti mwendo walimbana ndi dzanja lawo osapindika, ndipo mwini wake akhoza kukasewera.

Faifi wa a Kankhani sankapezeka wamba. Anyamata a matupi awo ankakankha mpaka misozi, n'kutuluka ndi folo akutukwana chamumtima. Makochi ankabwera kudzanyengerera, iwo n'kungoti, "Si ine ndikukana ayi, ndi mwendowu. Ukandigonjetsa ndisaina." Kunyumba nakonso ankadzitama nalo dzanjalo. Akatseka mpopi, ndinkachita kuitana iwo omwe kuti adzatsegule. Akakupatsa moni, unkatsala ukuwerenga zala ngati zakwana. Ndinkawanena kuti ndi matama, koma kunena zoona ndinkanyadira.

Ine ndi amene ndinayamba kuona. Mpopi wa kubafa unayamba kudontha iwo akatseka, ndipo ndinkapita pambuyo pawo n'kukautsekanso. Kenako botolo la mafuta ophikira linawakanika kutsegula. Anati a kufakitale ndi amene alakwitsa chivindikiro, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkayamba ndalimasula pang'ono ndisanawapatse. Tsiku lina akuwerenga nyuzi pakhonde, ndinaona kadzenje pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pomwe kale panali mnofu wotumbika. Ine ndine telala, maso anga sanama pa nkhani ya thupi la munthu. Mkono wamanja wa malaya awo unayamba kukhwepa pomwe wamanzere unali wothina bwinobwino. Ndinatenga malaya onse asanu a kuntchito, n'kubweza mkono wamanja wokha, iwo ali kuntchito. Ankadandaula khosi, ine n'kumawasisita osanena kanthu. Munthu amene moyo wake wonse uli m'dzanja limodzi, umayambira pati kumuuza?

Chaka chimenecho ankabwera kunyumba akusangalala.

"Mayi, ana a masiku ano akuchira msanga bwanji! Mwezi uno wokha ndalemba mafaifi seveni. Kaya akudya chiyani kwawoko."

Ndinali ndikusita, ndipo ndikukumbuka kuti ndinaimika simbi. Maganizo anandifikira oonekeratu, osati mwachizimezime: si ana akulimba, ndi dzanja likutha. Ndinawayang'ana akuvula nsapato, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Ndi ntchito yanu yabwino, bambo," ndinatero, n'kupitiriza kusita.

Pa odwala awo panali mtsikana wosewera mpira wamanja, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankamutcha Chiwala chifukwa cha kudumpha kwake. Anali ataduka mtsempha wa m'bondo lamanzere, anamuchita opaleshoni, n'kukhala miyezi isanu ndi iwiri akubwera ku mafizo katatu pa sabata. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye mtsikanayo ankawaitana amuna anga kuti adadi, ine amayi. Timu yaikulu inali itamuitana, ndipo chomwe chinatsala ndi siginecha ya a Kankhani basi.

Tsiku lomuyeza ndinalipo. Amuna anga anali ataiwala magalasi patebulo, ndiye ndinawapititsira. Ndinapeza Chiwala atakhala kale pabedi lachikopa lija, akugwedeza miyendo.

"Amayi, mwafika bwino, mukhale mboni. Lero ndiwaponyera kudenga adadiwa."

"Pakamwa pokha uli ndi faifi," anatero iwo. "Tione mwendowo. Kankha!"

Anakankha. Iwo anakanikiza ndi mphamvu zawo zonse, mitsempha ya m'khosi ili njo, koma mwendo sunapindike. Kuchokera pomwe ndinaima ndinkaona mkono wawo ukunjenjemera pansi pa malaya amene ndinabweza ndekha. Anavala magalasi amene ndinabweretsa, analemba faifi, n'kusaina. Chiwala anandikumbatira mpaka kundinyamula.

Pa masewero ake achiwiri anadumpha, ndipo potera bondo lomwe lija linathawira kumbali. Amuna anga anali m'mbali mwa bwalo ndi chikwama chawo cha mabandeji. Anandiuza kamodzi kokha kuti linamveka ngati munthu wathyola nthambi youma, ndipo mtsikanayo sanalire, anangowayang'ana. Ulendo uno munawonongeka zambiri m'bondomo. Sanasewerenso, ndipo mpaka lero amayenda akukoka mwendowo. Kochi ananena pagulu kuti anatera mwachibwana, anthu onse n'kuvomereza, pakuti ndani akanakayikira faifi wa a Kankhani? Nayenso Chiwala anakhulupirira zomwezo.

Patapita miyezi inayi, chipatala chinagula kamakina koyezera mphamvu, kokwana m'chikhatho, kolemba manambala pagalasi. Tsiku lokachotsa m'bokosi, ogwira ntchito anayamba kupikisana mwamasewera, aliyense akukankha ndi mkono kuti aone ngwazi. Namwino wina wochepa thupi anawaposa a Kankhani. Anthu anafa nalo phwete, ankayesa kuti akuchita dala. Iwo anayesa ndi mkono wamanzere, nambala inakwera pafupifupi kawiri. Adokotala atawajambula anapeza kuti fupa la m'khosi linkapana mtsempha wopita kumkono, ndipo linali litaupana nthawi yaitali.

Amuna anga anafika kunyumba dzuwa likuswa mtengo, atanyamula katoni ya makadi akale. Anakhala patebulo n'kumapatula onse amene analembapo faifi chaka chimenecho. Loweruka lililonse anayamba kuyenda m'mabwalo a masewero kufunafuna eni makadiwo mmodzimmodzi, ati kudzangowaona. Ankawayeza ndi kamakina, ena n'kuwauza kuti abwererenso ku mafizo. Sanauze aliyense chifukwa chake. Khadi la Chiwala lokha sanapite nalo kulikonse.

Kuyambira pamenepo munthu uja sanakhalenso yemwe uja. Tikamayenda mumsewu ankangoyang'ana mawondo a anthu. Akamva wina akukoka phazi kumbuyo kwathu, ankaima chilili osacheuka mpaka adutse. Pa TV wosewera akadumpha, ankatsinzina mpaka atere. Kuntchito anasiya kufuula, ankangowerenga manambala a pagalasi motsitsa mawu, moti ochapa zovala anafunsa ngati a Kankhani anasamutsidwa. Ine ndinkaona zonsezi ndili ndi mantha angaanga. Iwo ankadziimba mlandu wa chinthu chimene anachita osadziwa, pomwe ine ndinadziwa, n'kukhala chete. Sindinawauze. Ndinkawasamala, kuwasisita khosi, n'kumadzinamiza kuti kumeneko ndiye kupepesa.

Chotipweteka koposa chinali chakuti Chiwala sanatitaye. Anaphunzira zauphunzitsi, n'kupeza ntchito pasukulu ya atsikana kufupi ndi kwathu. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ankabwera thu koloko masana kudzationa, atanyamula malalanje. Tinkamumva asanagogode, phazi likukhula simenti ya pakhonde, ndipo nkhope ya amuna anga inkagwa nthawi yomweyo.

"Adadi, inu munachita mbali yanu," ankatero akusenda lalanje. "Munandipatsa mwendo wabwinobwino, ine n'kukautaya ndi uchitsiru wanga. Mpaka pano ndimadziona ndikutera. Ndimadzifunsa kuti kodi ndinkathamangira chiyani."

"Zinachitika, mwanangu," ankayankha iwo, n'kuzungulira kuseri ngati akukaona nkhuku, chonsecho nkhuku sitiweta.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi zinayi, mpaka anapuma pantchito. Kangapo konse ndinkawaona atatsegula pakamwa kuti anene, kenako n'kufunsa za mayeso a ana kapena za denga la sukulu. Ndikanatha kuwalimbikitsa, koma ndinkadziwa kuti choonadi chikangoyamba kutuluka sichidzaima pa iwo okha.

Lamulungu lina Chiwala anabwera ndi kope ndi cholembera. Anali atapatsidwa timu ya pasukulupo, atsikana awiri anali atabinya mawondo, ndipo sukulu inalibe kamakina.

"Ndiphunzitseni kuyeza ndi manja, adadi, ngati mmene munkachitira inu. Sindikufuna mwana wa munthu abwerere m'bwalo asanalimbe. Komanso ndimawauza kuti ngakhale mwendo ukhale faifi, ukakhala wopusa ngati ine umauthyola ndithu. Ndimawaonetsa bondo langali kuti aziopa."

Ine ndinali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu. Amuna anga anakoka mpando, anaika chigongono patebulo, n'kutambasula chikhatho.

"Phunziro loyamba," anatero. "Kanikiza dzanja langali. Ine ndilimba ndi mphamvu zanga zonse."

Chiwala anaseka. "Aa, adadi, mukufuna mundithyole zala?"

"Kanikiza. Ndi zala ziwiri zokha."

Anakanikiza, dzanja linatsika mpaka kugunda tebulo.

"Musamasewere inu. Limbani."

"Ndalimba, mwanangu. Pamenepa ndiye pothera."

Anayesanso, dzanja linagwanso chimodzimodzi. Kuseka kuja kunatha.

"Linayamba liti?"

"Usanabwere kwa ine. Tsiku limene ndinakulembera faifi linali litatha kale. Mwendo wako unali folo, mwina osakwana n'komwe. Unkafunika miyezi ina itatu. Sunatere molakwika ayi, Chiwala. Ndine ndinakutumiza m'bwalo ndi mwendo wosalimba."

Chiwala anatseka kope pang'onopang'ono. Anayang'ana bondo lake, n'kuligwira ndi manja awiri.

"Zaka naini," anatero. "Zaka naini ndikudzitukwana. Mayi anga anamwalira akudziwa kuti mwana wawo anali wosasamala. Inu munazindikira liti?"

"Patapita miyezi folo."

"N'kumandimvera ndikudzinyoza pampando pano mwezi ndi mwezi?"

Amuna anga misozi inkatsika osaipukuta. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo, ndipo zinandiopsa. Nayenso Chiwala zinamugwira, chifukwa ndi mwana wa mtima wabwino. Anapuma mozama, n'kuyamba kuwafunira pothawira.

"Koma tsiku lenilenilo simunkadziwa. Simunachite dala. Palibe amene ankadziwa." Anatembenukira kwa ine. "Si choncho, amayi? Inu munalipo. Palibe akanadziwa."

Amuna anga nawonso anandiyang'ana, maso ali psuu, akudikira kuti ndivomere. Kukanakhala kosavuta. Ndinaika thireyi pansi.

"Ine ndinkadziwa," ndinatero. "Ndinadziwa iwe usanakankhe n'komwe."

Amene anayamba kulankhula ndi amuna anga, motsitsa kwambiri.

"Bwanji simunandiuze, mayi?"

Ndinali ndi zaka zonsezo zokonzekera funso limeneli, koma chomwe ndinapeza n'chochepa, chochititsa manyazi.

"Munkabwera mukusangalala, bambo."

Chiwala anatola kope lake n'kutuluka osatsazika. Uno ndi mwezi wachitatu asanabwerenso. Amuna anga amandilankhula za magetsi ndi za mvula basi, ndipo Lamulungu loyamba la mwezi, ikakwana thu koloko, amapita okha kukatsegula geti.