Kukomoka kwanga ku Kabulonga

Ndili giredi teni, mkulu wanga ankagula mabuku achikondi pamsewu ku Kamwala, aja othothoka chikuto, ine n'kumawawerenga mobisa m'kati mwa buku la jogalafe. Nkhani zake zinali za makedzana: mtsikana wosauka, mnyamata wa kubanja lachifumu, akavalo, makolo okaniza ukwati. Mtsikanayo akangokomoka, mnyamata ankamuwakha asanafike pansi, basi ukwati wapsa. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti kubadwira m'mafulati a ku Kabwata chinali chiyambi chabe cha nkhani yanga.

Atate anali dalaivala wa pa ofesi. Chaka china abwana awo anakonza phwando kunyumba kwawo ku Kabulonga, n'kuitana antchito ndi mabanja awo. Amayi anandibwereka nsapato zawo za kutchalitchi. Mwana wa abwanawo, mnyamata wamtali, wongobwera kumene kusukulu yakunja, anaima pafupi ndi tebulo la zakumwa. Ndinamuyandikira, ndinagwira pachipumi, n'kudzigwetsa.

Iye anafutukira m'mbuyo kuteteza mbale yake ya nyama. Ndinafikira chigongono pasimenti.

Amene anathamanga ndi atate. Ndinamva mbale yawo ikusweka. Anandinyamula ngati khanda, chonsecho ali munthu wovutika msana, akuitana dzina langa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Kutsegula maso kunandichititsa manyazi, choncho ndinapitiriza kulobodoka mpaka kukiliniki.

Nesi anandikanula chikope, ananditsina pamkono, n'kutembenukira kwa atate.

"Ba tate, mwana wanu ali chabe bwino. Kapena ni njala."

"Anadya, ba sisita. Mupimeni futi."

Anandibaya chala, kenako anandibaya thako.

Amayi anali atadziwa kale. Tikubwerera m'minibasi anandinong'oneza kuti, "Iwe, munthu wokomoka sakonza siketi." Sanawauze atate, mwina powamvera chisoni, mwina pofuna kuti chilango changa chibwere chokha.

Chinabweradi. Atate anagamula kuti magazi anga ndi ochepa. Kwa milungu ingapo ankatsikira kumsika wa Soweto poweruka, n'kubwera ndi chiwindi cha ng'ombe, cha ine ndekha. Chiwindi ndimadana nacho chibadwire. Ankakhala pambali panga, asanavule n'komwe jekete, kudikira kuti ndimalize, uku akundigwira pachipumi. Ang'ono anga ankandiyang'ana ndi nsanje pamwamba pa mbale zawo za masamba a lepu, ine ndikumeza ntchintchi iliyonse ndi madzi.

"Waona," atate ankauza amayi, "nkhope yayamba kubwelela."