Tsiku Limene Ndinauza Amereka Kuti Basi

Ndikukumbukira chaka chimene mkaka waufa unafika pasukulu yathu ku Ntcheu. Unabwera m'matumba a mapepala okhala ndi chithunzi cha manja awiri akupatsana moni, ndipo anatiuza kuti ndi mphatso yochokera kwa Amereka. Ine Amerekayo ndinkamuyesa munthu mmodzi, mzungu wonenepa wa ng'ombe zambiri, amene anamva kuti ana a ku Ntcheu tatuwa.

Ankausungunulira mumgolo wodula pakati momwe kale munali palafini, ndipo fungo la palafinilo silinathe mpaka ine ndinasiya sukulu. Kalasi yake musandifunse. Wogawa anali aphunzitsi athu a Sandalamu, munthu wamtali wowonda, chikho m'manja, mkwapulo wa mpichesi kukhwapa. Tinkaima pamzere, aliyense ndi chitini chake. Mkakawo unali wofunda, wa mibulu, ndipo ukamwa unkakusiyira ndevu zoyera.

Anzanga ankaukonda. Koma ine m'mimba mwanga munali mwa chipani china. Ndikangomwa, pofika nthawi ya masamu mkatimo munkayamba msonkhano: kung'ung'udza, kutsutsana, wina mpaka kumenya tebulo. Tsiku lina chitini chitafika pakati, ndinalimba mtima.

"Basi, aphunzitsi."

Chikho chinaima m'malere.

"Mkaka uwu," anatero a Sandalamu, "wawoloka nyanja, wakwera sitima, wakwera lole. Iwe wa kabudula wong'ambika kumbuyoyu, ndiwe yani kuti uuze Amereka kuti basi?"

Sanandikwapule. Bola akanandikwapula. Anadzaza chitini, ndinamwa. Anadzazanso, ndinamwa. Masana a tsikulo ndinaphunzirira m'munda wa chimanga kuseri kwa sukulu, ndipo kumundako sindinafike pa nthawi yake. Kabudula ndinali naye mmodzi yemweyo. Anzanga ananditcha Basi mpaka ndinakwatira. Kuyambira pomwepo ndinalumbira kuti munthu akamandithirira chakudya, pakamwa panga patseke, wothirayo aleke yekha.

Tsono chaka chatha mwana wanga Esinati, amene ndi namwino ndipo amakhala ku Bowie, ku Amereka, anandiitanitsa kuti ndikaone zidzukulu. Amereka uja ndinamupeza. Si munthu ayi, ndi misewu. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ku Gaithersburg, Esinati anati tikadye kwa Ataliyana, malo aja amene ukawaona kuno, uwaonanso uko, nyumba yake yomweyo, nyimbo zake zomwezo. Ine ndinali nditatchena thalauza loyera limene anandigulira, kulivala koyamba.

Chakudya anandisankhira yekha. Inabwera mbale ya pasita, zingwe zazitali ngati luzi, zikusambira mumsuzi woyera wokhuthala, nthunzi ili tolotolo, fungo la adyo ndi batala. Ndinangonunkhiza kamodzi n'kumuzindikira. Anali atavala bwino, atadzola adyo, koma anali mdani wanga yemwe uja: mkaka.

Ndisanaganize zochita, anafika mnyamata woperekera zakudya, wa ku Lusaka, amene anatimva tikulankhula chathu. M'manja anali ndi kachigayo kopukusa.

"Ba mudala, iyi ni tchizi. Mukambe chabe ikakwana, nizaleka."

Anayamba kupukusa. Mawu ake ndinawamva bwinobwino, musati mwina linali vuto la chinenero. Koma tchizi nayenso ndi mkaka, ndipo amene ankandithirira tsopano anali Amereka mwini wake, atavala epuloni. Ndinasunga lumbiro langa lija. Tchizi ankagwa ngati ufa pachigayo. Pasita anabisika. Pambale panamera chulu. Esinati anali kalikiliki kupukuta mwana pakamwa, osaona kanthu. Mnyamata anasintha dzanja. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Iye ulemu, ine ulemu.

M'mutu ndinali nditayamba kale ulendo wobwerera ku Bowie: msewu waukulu uja wozungulira mzinda, magalimoto mphuno kumatako, opanda munda wa chimanga, opanda ngakhale chitsamba choti nkhalamba n'kubisalako. Ndi thalauza loyera!

"Bambo!" anakuwa Esinati atacheuka. "Tanenani kuti basi!"

"Aleke yekha, mwanawe."

"Saleka yekha ameneyo, ndi lamulo la pantchito pake!"

"Napapata ba mudala," anachonderera mnyamata uja, "kwanja kwalema."

Ndinayang'ana kukhomo, kuopa kuti a Sandalamu angalowe ndi chikho chawo, ngakhale tinawaika m'manda kalekale.

"Basi."

Denga silinagwe. Mnyamata anatsitsa kachigayo, anakutumula dzanja, n'kunena kuti zikomo. Mwamva? Amereka kundithokoza ine chifukwa chomukanira! Ndinaona kuti njira yatseguka. Ndinakankha mbale yonse ndi chulu chake.

"Iyinso basi."

Anainyamula osandifunsa kuti ndine yani, n'kubweretsa nkhuku yowotcha yopanda dontho la mkaka. Apa ndiye ndinazolowera. Buledi, basi. Madzi, basi. Munthu wina wongodutsa kupita kukasamba m'manja, nayenso ndinamuuza kuti basi. Esinati mpaka anandigwira mkono, ati ndikumuchititsa manyazi.

Zinthu zasintha, anzanga. Zidzukulu zangazi zimakana chakudya zisanalawe n'komwe, m'Chingerezi, ndipo palibe amene amathamangira kumunda wa chimanga. Kale wothira ankaleka akafuna yekha, lero amaima chilili kudikira mawu ako mpaka dzanja kulema. M'mimba mwangamu mokha ndi momwe simunasinthe, koma tsikulo msonkhano sunachitike, ndipo ndinafika ku Bowie thalauza lili loyera mbee.

A Sandalamu, kumene muliko, funso lanu lija ndayankha. Ndine ndemwe, wa kabudula wong'ambika uja.