Pepala la pa Chigafa Landiphera Maluwa

Lachiwiri m'mawa ndinabwerako kumaliro ku Chisepo. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinaona mtengo wanga wa msuku utavala chinthu chakuda, ngati nawonso waferedwa.

Ndikufotokozereni kaye. Pa mtengo umenewu, kumunsi kwa nyumba cha kudambo, ndinamangirirapo maluwa aja omera pa nthambi za mitengo ya m'phiri. Ndi achibale a chinaka chija timakumba pansi n'kupangira ndiwo, koma iwo safuna dothi. Mizu yawo imangokakamira khungwa n'kumamwa nkhungu. Ndinawatola m'phiri la kwathu kuno ku Ntchisi, pa nthambi zimene ootcha makala anasadza n'kutaya.

Phiri limenelo ndinalidziwa ndili wamng'ono. Makolo anga atamwalira, agogo ankanditenga akamapita kunkhuni chifukwa kunyumba kunalibe wondisiyira. Iwo maso pansi, ine maso m'mwamba. Ndi mmene ndinadziwira maluwawa.

Nyengo yozizira ikafika, ntchito yake si yambiri. Madzulo ndimawafunditsa chiguduli momasuka, n'kuika kaudzu kouma pa mizu. Dzuwa likatuluka ndimavundukula. Madzi ndimathirira m'mawa basi. Choncho popita kumaliro ndinasiyira ntchitoyi a Mbewe, mlimi wa fodya amene tinayandikana nyumba, munthu wa mtima wabwino amene sanandikanizepo kanthu.

Atandiona anabwera akumwetulira.

"Aphiri, mwafika? Taonani mmene ndakusamalirirani ana anu aja!"

"Nanga chiguduli chija chili kuti, a Mbewe?"

"Aaa, chimene chija? N'chobowokabowoka, mphepo imangodutsa ngati pamsewu. Ndadindira belo la fodya. Awa ndawaveka pepala la pa chigafa, latsopano, loti ngakhale fodya wanga sanalilawe. Ndamanga ndi luzi kuti gwa! Ndinayamba ndawathirira madzi madzulo, kuti asagone ndi ludzu."

Tinamasula luzi tonse awiri. Chinayamba kutuluka ndi fungo. Masamba aja, amene anali olimba ngati chikopa, anali atafewa ngati nkhwani wowiritsa. Ndinagwira limodzi, linangotsalira m'manja.

Pepala la pulasitiki limateteza fodya ku mvula, n'chifukwa chake alimi a kuno timalikhulupirira ngati mankhwala a matenda onse. Koma silifunditsa. Likakhudza tsamba, chisanu chimadutsa bwinobwino. Mkati mumachita thukuta, thukutalo limazizira pa tsamba mbandakucha, kenako masana dzuwa limaphika zotsalazo. Masiku onse amene ndinali kumaliro zinkachitika zimenezi.

Sindinakalipe. Ndikanamukalipira bwanji munthu amene wapereka pepala lake latsopano? Madzi akatayika saoleka.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere si pepala ayi. Ndi funso ili: kodi m'phiri muja ankawafunditsa ndani maluwa amenewa?

Palibe. Mitengo inkafunditsana yokha. Masamba a pamwamba ankatchinga chisanu, nkhungu inkagona m'nthambi mpaka dzuwa litakwera, ndipo kaduwa kakang'ono kankadutsa June ndi July popanda munthu wokadera nkhawa. Chiguduli changacho chinali kungoyerekeza ntchito ya nkhalango.

Ndipo si maluwa anga okha amene apsa sabata ino. Tsikirani kudimba mukaone. Tomato wada, nyemba zagona. Ndinakumana ndi mayi wina atakhala pa mzere, khasu lili pambali, osalira, akungoyang'ana. Mukamufunsa aliyense, yankho ndi limodzi: "Nyengo yasintha." Timanena ngati nyengoyo ndi mlendo amene wangotulukira osatumiza uthenga.

Kodi si ife tinamutsegulira chitseko?

Mitengo tinadulira zigafa. Yotsala tinaotcha makala. Udzu umene ukanafunditsa nthaka timautentha usanaume n'komwe, pofuna mbewa. Sindikuloza munthu chala. Wootcha makala ali ndi ana ofuna kudya, ndipo ine amene ndikulemba pano mapazi anga ali pa mbaula ya makala omwewo. Ndi pamene pakundiwawa. Kukazizira timadula mitengo kuti tiothe moto, tikadula kumazizira koposa, ndiye timadulanso. Tikung'amba bulangete kuti tisonkhere moto.

Pamisonkhano timauzana kuti tibzale mitengo, ndipo timabzaladi bulugamu, timaomba m'manja. Koma khungwa la bulugamu limasupuka chaka ndi chaka, duwa lotere lilibe pogwira. Limafuna mtengo wachilengedwe wokalamba, wa khungwa lokhakhala, wa ndere. Mtengo wotero ukabzalidwa lero, amene adzauone utakalamba sanabadwe.

A Mbewe anatola luzi tinamasula lija. Anapinda pepala lawo mwamanyazi, kenako anandigwira paphewa.

"Musadandaule, Aphiri. Ndalakwa ndine. Loweruka tilawirire kuphiri tikatenge ena. Mumtengomo ndikakwera ndine, ngakhale msanawu ukuvuta."

Tonse tinatembenuka kuyang'ana kuphiri. Zitsa zokhazokha, miyala, ndi utsi wa uvuni wa makala ukukwera cha kumpoto. A Mbewe anavula chipewa, n'kukanda m'mutu.

Ine sindinathe kuwafunsa. Ndiye ndikufunsani inu amene mukuwerenga, mwina kwanuko zinthu zikadali bwino: Loweruka likubwerali, a Mbewe akakwere mtengo uti?