Nambala Yodula Tikayankha

Pa ofesi yolandira mafoni a makasitomala ija onse ankangomutchula kuti Kamvuluvulu. Mayi ameneyu mpando unkamuotcha. Tiyi ankamwa choimirira, tsitsi ankapesera m'minibasi, ndipo ukamupatsa moni ankayankha ali kale pakhomo lina.

Koma dziko ili, abale! Ntchito yake inali youza anthu kuti adikire. Munthu akaimba n'kupeza oyankha onse atanganidwa, mawu omupepesa pa mzere anali a Kamvuluvulu. Ankawajambula yekha m'kachipinda kopanda zenera, komata masiponji m'makoma, n'kuwasanja m'makina: uthenga, kanyimbo, uthenga wina. Pa maikolofoni pokhapo m'pamene ankafatsa. "Pepani pokudikiritsani. Ndinu wofunika kwa ife. Chonde musadule." Mawu oziziritsa mtima, ngati si yemwe uja wakalipira woyendetsa minibasi m'mawa.

Mayi ake anali amasiye, ankakhala okha mbali ina ya tauni. Akamuimbira, yankho linali lomwelo: "Amayi, ndili pakalikiliki, ndikuimbirani." Kuimbako kunali kwa mawa, ndipo mawa lakelo silinkafika. Patapita nthawi amayi anasiya kuimba. Iye anangoti bola, azolowera.

Tsiku lina mkulu wa oyankha mafoni anamupeza m'khonde, mkuluyo akukanda m'mutu.

"Achemwali, pali nambala ikutizunguza. Imaimba masana mzere ukadzaza, imadikira bwinobwino, koma tikangoyankha yadula. Ndikufuna tiitseke."

Kamvuluvulu anasuzumira pa kompyuta, mwendo umodzi uli kale panja. Mwendowo unabwerera wokha. Nambalayo ankaidziwa ngati dzina lake.

"Musatseke kaye," anatero.

Makina awo ankajambulanso odikira pa mzere. Kamvuluvulu anavala mahedifoni n'kutsegula zomwe makinawo anajambula nambalayo itaimba dzulo lake. Anamva mawu ake omwe: "Pepani pokudikiritsani." Pansi pake panamveka ena, otsika, a munthu amene wakhala bwino pampando.

"Palibe kanthu mwanangu, ndilipo."

"Ndinu wofunika kwa ife."

"Eya, zikomo. Bondo lija lero lachitako bwino. Denga likudonthabe, ndatchera beseni."

Kanyimbo kanalira, amayi n'kumatsatira chapansipansi. Sikuti mutu unawasokonekera ayi. Ankadziwa kuti ndi makina, popeza Kamvuluvulu mwini ndiye anawaimbira nambala yaulere ya pa ofesiyo atangoyamba ntchito, monyadira, kuti amve mwana wawo akulankhulira kampani. Kungoti kumeneko kokha n'kumene mwanayo sankathamanga.

Manyazi anamugwira, ndipo mtima unamuwawa zedi. Anafuna kuwaimbira pompo, koma akanayamba ndi mawu ati? Tsiku lonse anangozungulira ofesi, kutsegula mafayilo n'kutseka osawerenga.

M'mawa mwake anapempha desiki ya oyankha mafoni. Anzake anagwira pakamwa.

"Kamvuluvulu wakhala pansi? Mvula igwa lero!"

Iye anangovala mahedifoni. Anadikira, chivindikiro cha cholembera atachitafuna mpaka kuphwanyika. Masana mzere unadzaza, ndipo nambala ija inatulukira kumunsi. Inakwera pang'onopang'ono, iye akupatsira anzake mafoni ena onse. Itafika pamwamba anadina.

"Amayi, ndine..."

Zii. Anali atadula kale. Chala chawo chinali chitazolowera kuthawa kanyimbo kakangoduka, kuopa kutayitsa nthawi anthu a pantchito.

Anatulutsa foni yake m'chikwama n'kuwaimbira. Foni inali yotanganidwa. Anaimbanso, chimodzimodzi. Atakweza maso pa kompyuta anaiona nambala ija itabwerera kumunsi kwa mzere. Amayi anali atayambiranso kudikira, kuti amalize kucheza ndi mwana wawo.

Anavula mahedifoni, natola chikwama.

"Achemwali, nthawi sinakwane, mukupita kuti?" mkulu uja anafunsa.

"Nambala ija musaiyankhe," anatero ali kale pamasitepe. "Asiyeni amvetsere mpaka ndikafike."